Chingwe cha pa Khomo la Sukulu

Olemekezeka a Gulupu pamodzi ndi mafumu onse amene mwakhala nawo; olemekezeka bwana woona za chisamaliro cha ana, amene mwachokera ku boma ku Nkhata Bay; olemekezeka a Khansala a dera lino; abusa athu ndi akulu a mpingo anzanga; aphunzitsi aakulu a sukulu ya pulayimale, amene mwabwera kudzalandira ana awa m'manja mwathu; a Isaac Longwe, wapampando wa komiti ya sukulu ya mkombaphala ino, ndi komiti yanu yonse; alezi a ana athu, Mayi Fyness Mhone ndi Bambo Tumbikani Chirwa; makolo, amene mwasiya maukonde padzuwa ndi chinangwa m'madzi kuti mukhale pano; ndi inu ana makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi amene mwavala zipewa zapepala: timoneni mosi.

Ndilankhula Chichewa. Lilime langa ndi la Chitonga, choncho ndikapunthwa mundidzutse. Sindikutero chifukwa cha alendo a ku boma okha ayi. Pabwalo pano pali munthu mmodzi amene ndikufuna amve mawu anga onse, osatsala ngakhale limodzi, popanda wina womumasulira. Mumudziwa posachedwa.

Alendo, ine ndine Mizeck Kamanga, wosema mabwato. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo a m'mudzi muno akudziwa kuti sindine munthu wa zolankhula. Mu mpingo ndakhala mkulu zaka makumi atatu, koma mukaphatikiza mawu onse amene ndalankhula pagulu sangadzaze nsengwa. Lero mundipirire. Nditalikitsa kamodzi kokha.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa ndi mmene akulu anatiphunzitsira. Ndithokoze amayi amene anasenza mchenga kuchokera kunyanja, mtunda wonse uwu, ana ali kumsana. Ndithokoze anyamata amene anaumba njerwa ndi kuziwotcha. Ndithokoze asodzi amene anasiya ulendo wa usipa kuti akweze denga ili, ndi anzathu ogwira ntchito ku esiteti ya rabala, amene anabwera Loweruka lililonse atatopa kale ndi mitengo yawo. Ndithokozenso alezi awiri awa, amene kwa zaka zisanu aphunzitsira ana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, kodontha mvula ikagwa, kotentha dzuwa likakwera, osadandaula.

A Longwe mwawamva akunditamanda. Akuti ndinapereka munda wanga wa chinangwa kuti pamangidwe nyumba iyi. Akuti ndinasema timipando makumi atatu ndi mafelemu a zitseko. Inu munaomba m'manja. Zimene anenazo ndi zoona, koma asiya zina chifukwa cha ulemu. Sananene kuti njerwa izi zinakhala zaka ziwiri zikumera udzu chifukwa ine ndinkakana malo. Komiti inabwera kwanga kawiri, ndipo kawiri konse ndinaibweza. Ndinkati, “Ndi sukulu yanji yopanda ndodo? Ana kungoimba, kuumba dongo, kudya phala, kubwerera kwawo. Chinangwa changa chizulidwe chifukwa cha masewera?” Amene ndinawayankha choncho ali pano. Angoweramitsa mitu kuti andisungire ulemu.

Ndamvanso ena mukunong'ona za pakhomo paja. Mukuti komiti yaumira, yalephera kugula riboni yokongola ku Chintheche, yamanga chingwe chakale cha ukonde pa tsiku lalikulu ngati lino. Musainene komiti. Riboni anagula, ili m'thumba mwa a Longwe. Chingwe icho ndabwera nacho ndine, ndipo ndinawapempha kuti amange chimenecho. Sanandifunse chifukwa. Chifukwa chake ndi chimene ndaimirira pano.

M'chaka cha 1958 bambo anga ananditengera ku sukulu ya mishoni, ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Poyamba tinkalemba pamchenga ndi chala. Kenako anatipatsa masileti. Tsiku loyamba la sileti ndinagwira cholembera ndi dzanja ili, lamanzere, chifukwa ndi limene linkandimvera. Mphunzitsi wathu sinditchula dzina lake. Anagona kale, ndipo adzukulu ake ali pakati pathu. Anandimenya zala ndi m'mbali mwa rula, nandimanga dzanjalo kumbuyo ndi luzi, ndi kunena pamaso pa kalasi yonse kuti, “Dzanja lopitira kuthengo silingalembe dzina la Mulungu.” Anzanga anaseka. Ndinayesa ndi lamanja, zilembo zinkatuluka ngati nkhuku yapalasa. Anasekanso. M'mawa uliwonse luzi linkandidikira pamsomali. Mvula isanathe ndinathawira kudooko, ndipo sindinabwererenso. Sabu A, kalasi yoyamba yeniyeniyo, sindinamalize. Mpaka lero, akandipatsa pepala loti ndisaine, ndimayamba ndayang'ana ngati pali wondiona.

Malume anga ananditenga kukasema mabwato kumapiri. Kunkhalango kulibe mphunzitsi. Nsompho inapita yokha ku dzanja lamanzere, ndipo ine ndinadikira kumenyedwa. Malume anangoyang'ana mmene tchipisi ta mbawa tinkagwera, nati, “Mtengo sufunsa dzanja. Sema.” Ndinasema zaka makumi asanu. Kumudzi ndinkadya ndi lamanja, kupereka moni ndi lamanja, kuponya chopereka ndi lamanja. Kunkhalango, kumene kunalibe maso, ndinkagwira ntchito ndi lamanzere. Asodzi amene mwakhala kumbuyoko, mabwato amene akukudyetsani anatuluka m'dzanja limene ndinkabisa. Ambiri mwa inu mukumva lero.

Munthu wotere mungayese kuti angamvere chisoni mwana wonga iye. Mverani.

Mwana wanga Patson ali ku Joni, chaka chachinayi tsopano. Mkazi wake Gloria ndi wa ku Mulanje. Amacheka mitengo ya rabala ku esiteti, ndipo lole imawatenga mbandakucha. Choncho mwana wawo Madalo ankaswera kwa ife agogo ake. Uyo wakhala kumapeto kwa mzere woyamba, wa nsapato zofiira. Ali ndi zaka zisanu. Ndi mdzukulu wanga mmodzi yekha amene ali pafupi.

Mwezi wa Novembala, tsiku lina masana, ndinali pakhonde ndi akulu a mpingo atatu. Madalo anachokera ku sukulu ino akuthamanga, pepala lili m'manja, akufuula, “Agogo! Agogo! Ndajambula bwato lanu!” Anafika, nandipatsa pepalalo ndi dzanja lamanzere, pamaso pa alendo. Mukudziwa mwambo wathu. Wamkulu sapatsidwa chinthu ndi dzanja limenelo. Mmodzi wa alendowo anatsokomola. Wina anati, “Mdzukulu wa mkulu wa mpingo ameneyu?” Sanalankhule mwankhanza, anali kuseka chabe. Koma ine m'makutu mwanga munamveka kalasi ya 1958.

Pepalalo sindinalandire. Sindinaliyang'ane n'komwe. Ndinati, “Bwerera, ukabwere ngati mwana wa anthu.” Linagwa pansi. Pa chakudya ndinaona akutema kondowole ndi dzanja lomwelo. Ndinadzuka, ndinatenga chingwe cha ukonde, ndinamumanga dzanjalo pamkono ndi kulikulunga m'chiuno mwake. Ndinkatero masana onse akachokera ku sukulu, ndi kumumasula mayi ake asanafike. Ndinamuuza kuti akaulula ndimumanga manja onse awiri. Masiku asanu ndi anayi.

Musang'ung'udze. Ndisiyeni ndimalize.

Ndinkadziuza kuti ndikumuthandiza. Ndinkati ndibwino alire pakhonde panga kusiyana ndi kuti adzamuseke pagulu monga anandisekera ine. Mkazi wanga anyaManda anandiletsa. Ndinawauza kuti za kulera mwana wa Kamanga azisiye kwa a Kamanga. Anandiyang'ana, nati, “Inu ada, bwato lija munkadzitama nalo pobwera kudzandifunsira, munasema ndi dzanja liti? Mumayesa sindidziwa? Zaka zonsezi ndimachapa malaya anu, ndipo mkono umene umayamba kung'ambika ndimaudziwa.” Ndinapita kudooko.

Amene anaona ndi Mayi Fyness Mhone. Pa sukulu ino ana sadya phala asanasambe m'manja. Amaima pamzere pa mpondagiya, mwana aliyense n'kutambasula manja kuti mlezi aone ngati ayera. Madalo anatambasula limodzi. Mayi Mhone atatenga linalo anapeza mzere wofiira kuzungulira mkono. Anali ataona kale zizindikiro zina. Mwana amene ankatsogolera nyimbo anasiya kuimba. Mwana amene ankamaliza makala ndi kujambula anasiya kugwira pensulo. Akafunsidwa dzina lake, ankachita chibwibwi: “Ma, Ma, Ma,” osamaliza. Kawiri anadzikodzera ali pamphasa, chifukwa choopa kupempha.

Mayi Mhone anabwera kwanga. Anagwada patali, nati, “Ada, ndabwera za dzanja la Madalo.” Ndinati, “Iwe mwana wa dzulo, ndinaona mayi ako akubatizidwa. Ubwere kudzandiphunzitsa kulera?” Anati, “Ayi ada, sindingakuphunzitseni. Koma mayi ake ndiwauza, chifukwa ndi ntchito yanga. Ndafuna mumve kwa ine ndisanapite.” Anadzuka. Atafika pampanda anatembenuka, nati, “Timipando tathu tathyoka, ada. Mukapeza nthawi mudzatione.” Ndinkayesa akundinyoza.

Tsiku lotsatira amake Madalo sanakwere lole. Anabwera pakhomo panga dzuwa lili pamutu. Kwathu kuno mpongozi salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso. M'zaka zisanu ndi ziwiri anali asanandiuzepo mawu oposa moni. Anagwada pafupi ndi nkhokwe, nkhope ayang'ana kumbali monga mwa mwambo, nati, “Bambo, ndabwera kudzatenga mwana wanga. Chingwe chanu ndi ichi.” Madalo anali atawaonetsa pamene ndinkachibisa. Anachiika pansi bwinobwino, atachikulunga. Sanatukwane. Akanatukwana zikanandipepukira. Anasamukira kumsewu, ndipo kuyambira tsiku limenelo, miyezi isanu ndi itatu tsopano, phazi la Madalo silinapondenso pabwalo panga. Akamabwera ku sukulu amazungulira njira ya kumanda, kuti asadutse kuseri kwa nyumba yanga.

Ndinakhala milungu itatu osatuluka. Sabata yachinayi ndinatenga nsompho ndi misomali, ndinapita kukaona timipando tija. Sindinapite kukaphunzira. Ndinapita kuti ndimuone mwanayo. Ndinakhala panja, pansi pa zenera la kachipinda kaja, ndi kuyamba kukhoma. Madalo anatuluka ndi anzake. Atandiona sanathawe, sanalire. Anangotenga dzanja lake lamanzere ndi kulibisa kumbuyo, mkati mwa diresi. Olemekezeka, ndaonapo bwato likumira ndi anthu. Ndaikapo ana anga awiri m'manda. Koma manyazi onga a tsiku limenelo sindinawamvepo. Mwana wa mwana wanga kubisa chiwalo chake pondiona ine, monga mmene ndinkabisira changa poona mphunzitsi uja. Ndipo wakhala akutero nthawi iliyonse akandiona, mpaka m'mawa uno. Muyang'aneni. Dzanja lili kuti?

Timipando tinali tisanu ndi tiwiri. Ntchito ya masiku awiri. Ine ndinakhalapo miyezi isanu ndi umodzi. Ndikamaliza kamodzi, ndinkapeza chifukwa chokaphwasuliranso. Bambo Chirwa ankandiseka, “Ada Kamanga, kampando aka mwakakonza kachitatu. Kapena tikulembeni m'kaundula, muzilandira phala?” Ndinkamvetsera pazenera.

Zimene ndinkazitcha masewera ndinaziona pafupi. Bambo Chirwa ankathira zitsekerero za mabotolo pamphasa, ana n'kumasankha, zofiira uku, zobiriwira uko, kenako n'kuwerenga mulu uliwonse. Mwana wina ankangoimba, “wani, thu, firii,” mpaka teni, chala chikuthamanga patsogolo pa pakamwa. Bambo Chirwa ankamubweza: “Gwira chimodzi, tchula chimodzi.” Patapita mwezi mwanayo anabwera pamene ndinakhala, nawerenga misomali yanga, nandiuza kuti yatsala isanu ndi umodzi. Inalidi isanu ndi umodzi. Ndinazindikira kuti kuimba manambala ndi kwina, kuwerenga zinthu ndi kwina, ndipo pakati pake pali ntchito ya munthu woleza mtima.

Dongo lija ndinkalinyoza. Mayi Mhone anandiuza pazenera, osandiyang'ana, kuti, “Zala za mwana ndi zofewa, ada. Akamakanya dongo, kung'amba mapepala, kutunga mikanda pa ulusi, zikulimba kuti zidzagwire pensulo.” Ine wosema ndinayenera kudziwa zimenezo. Mnyamata sapatsidwa nsompho tsiku loyamba. Amayamba ndi kuchotsa makungwa. Ndinaona ana amene mu Januwale ankagwira pensulo ngati mpini wa khasu, pofika Epulo akulemba chilembo choyamba cha dzina lawo. Ena chinkayang'ana kumbuyo. Palibe anamenyedwa. Ankangouzidwa kuti, “Chayang'ana kunyanja, chitembenuze chiyang'ane kuphiri.”

Ndinaonanso ana a asodzi, amene anabwera akudziwa Chitonga chokha, ndi ana a ku esiteti, amene anabwera akudziwa Chichewa chokha. Masiku oyamba ankangolozerana zala. Miyezi itatu isanathe ankakangana m'zilankhulo ziwiri. Ankadziwa kudikira kuti mnzawo amalize kulankhula, chinthu chimene ife akulu a mpingo sitinachidziwebe. Ankadziwa kunena kuti, “Ndikufuna kupita kuchimbudzi,” “Ndakwiya,” “Ndibwereke ukamaliza.” Mlezi akanena nkhani n'kuima pakati, ankafunsa, “Ndiye kenako chinachitika n'chiyani?” Ife tinkamenyedwa tikafunsa. Awa amayamikiridwa.

Ndipo ndinamumva Madalo akubwerera pang'onopang'ono. Mayi Mhone sanamukakamize. Ankangoika pensulo pakati penipeni pa tebulo, osati kumanja, osati kumanzere, n'kuchoka. Milungu iwiri pensulo inakhala pomwepo. Tsiku lina ndinamva Mayi Mhone akuti, “Eee, Madalo, nsomba yako ili ndi mamba!” Sindinasuzumire, kuopa kuti akandiona asiya. Mu Meyi ndinamumva akutchula dzina lake lonse, osapunthwa: “Ndine Madalo Kamanga.” Ndinaika nyundo pansi. Chimene ine ndinaphwanya m'masiku asanu ndi anayi, mayi uyu anachimanga miyezi isanu ndi umodzi.

Munda ndinapereka mu Febuluwale. Tsopano mwadziwa kuti sunali ubwino wa mtima. Ndinkafuna kulipira ndi nthaka chinthu chimene chimafunika pakamwa. Ndinapereka munda, ndinasema mafelemu, ndinasema timipando tatsopano, ndipo pa timipando tinayi ndinaika polembera kumanzere. Ndinkayembekeza kuti amake Madalo amva, aona, amubweza mwana. Sanamubweze. Anachita bwino. AnyaManda anandiuza kuti, “Mungapereke ngakhale nyanja yonse, ada. Mwanayo sanamangidwe ndi munda.”

Phunziro limene landibweretsa pano ndinaliona tsiku lina mu Juni. Kamnyamata kena, Lloyd, uyo akukanda mutuyo, kanaponda galimoto yadongo ya mnzake Thandizo. Kanachita dala. Thandizo analira ngati wafedwa. Ine ndinati, lero ndodo ituluka. Mayi Mhone anangoti, “Lloyd, tiyeni, zinayi zathu zija.” Ana onse akuzidziwa. Choyamba, tsika mpaka maso ako afanane ndi a mnzako. Chachiwiri, tchula chimene wachita, usachibise. Chachitatu, nena pepa. Chachinayi, dikira, chifukwa yankho si lako, ndi la mwini kulakwiridwa. Lloyd anagwada, nati, “Ndaponda galimoto yako. Pepa.” Anadikira. Thandizo anapukuta mamina, nati, “Uumbe ina, ya matayala sikisi.” Phala lisanazizire anali akuumba limodzi.

Ndinabwerera kunyumba tsiku limenelo osamaliza ntchito. Mwana wa zaka zisanu anachita m'kanthawi kochepa chimene mkulu wa mpingo wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu walephera miyezi isanu ndi iwiri. Lamulungu lililonse ndimaimirira kutsogolo ndi kupempha Mulungu atikhululukire zochimwa zathu. Kupepesa kwa Mulungu n'kosavuta, chifukwa sumuona maso. Kwa mwana ndi kwa mpongozi, khosi langa linauma. Kwathu wamkulu akalakwa amatumiza nkhuku kapena nsomba, nkhani n'kutha popanda mawu. Ndinatumiza nsomba katatu. Katatu konse inabwerera.

Aphunzitsi aakulu, mukulandira ana awa mu Sitandade 1. Akubwera akudziwa mayina awo, mitundu, manambala mpaka makumi awiri, ndi zilembo zingapo. Zimenezo mudzaziona m'makope. Koma akubweranso ndi chinthu chosalembedwa pa satifiketi: sakuopa kuyesa. Mwana woopa saphunzira, ndine mboni. Pakati pawo pali amanzere atatu. Ndikukupemphani pamaso pa mafumu ndi pamaso pa boma, muwasiye manja awo. Makolo anzanga, ulemu tiwaphunzitse, inde. Mwana angathe kuphunzira kulandira chinthu ndi manja awiri. Zimenezo zimatheka ndi pakamwa. Sizifuna chingwe.

AnyaManda, ndipatseni buku la nyimbo lija. Pepala ili ndi lomwe linagwa pakhonde. Mkazi wanga analitola, nalisunga umu, ndipo ine ndinaliyang'ana koyamba mwezi wathawu. Pali bwato. Pali munthu wamutu waukulu, wopanda khosi, ndiye ine. Wagwira nsompho. Abusa, inu muli pafupi, taonani dzanja limene mwanayu anaikamo nsomphoyo. Inde, lamanzere. Anandionapo tsiku lina ndikusema mpini kuseri kwa khola. Mwanayu ankabwera kudzandionetsa kuti iye ndi ine ndife amodzi.

Amake Madalo, munthu amene ndinanena poyamba uja ndinu. Mwakhala kumbuyoko, pafupi ndi amayi a ku esiteti. Mwambo sulola kuti ndikuyang'aneni, koma lero mafumu andikhululukire. Munandisiyira mwana wanu m'mawa uliwonse chifukwa munkandikhulupirira, inu muli kutali ndi kwanu, mwamuna wanu ali kutali ndi inu. Ine ndinamumanga, ndinamuopseza, ndinakubisirani. Mutabwera kudzamutenga munandisungira ulemu umene sindinauyenere. Ndinalakwa. Pepani. Sindikupempha kuti muyankhe lero, ndiponso sindikupempha kuti mubwerere pamudzi. Ndikupempha chimodzi: mundilole ndilankhule ndi mwanayo.

Mwagwedeza mutu. Yewo, ama.

A Longwe, gwirani ndodo yanga. Ayi, musandigwire mkono. Ndinaimirira ndekha pomumanga, nditsika ndekha. Mawondo awa ndi akale, mundidikire pang'ono.

Madalo. Usaope, sindiyandikira kuposa apa. Maso athu afanana? Ana inu, ndatsika mokwanira? Lloyd akuti nditsikebe. Chabwino.

Madalo, mdzukulu wanga. Ndinakumanga dzanja ndi chingwe. Ndinakupweteka. Ndinakuuza kuti usauze amayi ako. Ndinakana bwato limene unandijambulira. Iwe sunalakwe. Dzanja lako ndi labwino. Ndi lofanana ndi langa, ili, taona zipsera za nsompho. Ndinalakwa ndine. Pepa.

Tsopano chachinayi. Amayi, musayambe nthungululu. Mayi Mhone, musamukankhe. Yankho ndi lake. Akapanda kuyankha, ndidzuka, titsegula sukulu, ndipo palibe amudzudzule. Tidikire.

Tidikirebe.

Wati chiyani? Bwereza, makutu a agogo ndi olemera.

Kumbuyoko simunamve. Akuti, “Agogo, dzukani, mudetsa thalauzi la kutchalitchi.” Akutinso bwato lija analakwitsa, lilibe nkhafi, ajambula lina.

Sekani, ndakulolani. Koma amene muli pafupi mwaona dzanja limene watulutsa kuti andidzutse. Sindinena zambiri. Ndipatseni kanthawi.

Olemekezeka nonse, pulogalamu ikuti ine, monga mlendo wolemekezeka, ndidule chingwe cha pakhomo. Ine ndasema zambiri m'moyo wanga, koma ichi si changa kudula. Chingwe chili pakhomo icho ndi chomwe amake Madalo anaika pafupi ndi nkhokwe yanga. Bambo Chirwa, bweretsani sizasi ya ana ija, imene amadulira mapepala. Madalo, ukufuna? Ukapanda kufuna adula a Longwe. Akufuna. Tiyeni pakhomo. Ine ndigwira mbali iyi kuti chikungike, iwe udule ndi dzanja limene ukufuna.

Ndi cholimba, ndikudziwa. Ndinachisankha ndine. Yesanso. Usafulumire, kanikiza pafupi ndi msomali wa sizasi. Kachitatu.

Chaduka.

M'dzina la mafumu, la makolo, la alezi ndi la ana onse amene adzalowe pakhomo ili, a dzanja lamanja ndi a dzanja lamanzere, ine Mizeck Kamanga, amene sindinamalize Sabu A, ndikulengeza kuti nyumba ya sukulu ya mkombaphala ino yatsegulidwa. Ana ayambe kulowa, akulu pambuyo. A Longwe, buku la alendo mundisungire. Ndisaina pamaso pa anthu, ndi dzanja ili.

Yewo ukongwa. Zikomo kwambiri.